Buluku Silinama

Bambo ake ndi amene anamupatsa dzina loti Singano. Ankati mwanayu amalowa ndi kutuluka m'nyumba osamveka, umangozindikira kuti anadutsapo ukaona batani lomwe linathothoka labwerera pamalo pake. Iye sankadana nalo dzinalo. Kusukulu ankakhala kumbuyo, pafupi ndi zenera, ndipo aphunzitsi akamuloza, yankho ankakhala nalo ndithu koma linkaima pakhosi ngati piritsi lomeza popanda madzi. Phunziro lomwe ankapumirako linali la zosoka, chifukwa kumeneko manja ndi amene ankayankha.

Aphunzitsi a zosoka anali ndi malamulo awiri omwe ankabwereza mpaka ana kutopa nawo. Loyamba linali loti chovala ukachibweza bwino, kutanthauza kuchichepetsa kuti chimukwane munthu, mwini wake asadziwe kuti chagwiridwa. Lachiwiri linali loti nsalu yotsala osaidula, uziipinda mkati, chifukwa thupi la munthu limapita ndi kubwera.

Atamaliza mayeso omaliza, Singano anakhala pakhomo kudikira zotsatira. Amayi ake ankalawirira kuhotela komwe ankachapa ndi kusita nsalu za pabedi, ndipo akaweruka sankafuna n'komwe kuona sopo. Choncho zochapa zonse zapakhomo zinagwera iye. Bambo ake ankagwira ntchito pasitolo yogulitsa simenti, malata ndi misomali. Zaka makumi awiri ndi ziwiri akukweza ndi kutsitsa katundu, moti anzawo anangowatcha a Jeke. Anali munthu wanthabwala, woti akalowa m'basi anthu amatsika akuseka. Anali ndi mabuluku atatu akuntchito, onse abuluu, nsalu yolimba, ndipo lamba sankavala. Ankati lamba ndi wa anthu a m'maofesi, munthu wowerama tsiku lonse chitsulo chake chimamulasa pamchombo. Chomwe ankanyadira kwambiri chinali chiuno chawo. Kuyambira tsiku la ukwati wawo, ati, telala aliyense amapeza nambala imodzimodzi, 36.

Tsiku lina m'mawa Singano anawaona pageti, manja onse ali pa njinga, akukweza buluku ndi zigongono. Anaima, n'kulikwezanso, n'kumapita. Palibe wina anaona. Lamlungu masana, bambo atapita kukaonera mpira ndipo amayi atagona, anatulutsa makina akale osokera omwe ankakhala pansi pa tebulo. Anatembenuza mabuluku onse atatu, n'kubweza msoko wakumbuyo inchi imodzi ndi ulusi wakuda. Nsalu yotsala anaipinda bwinobwino n'kuisita kuti isamakande.

M'mawa mwake bambo anavala, n'kumwa tiyi ataimirira, n'kukwera njinga. Sanazindikire kanthu. Singano anasangalala tsiku lonse, chisangalalo cha munthu amene wachita chinthu chabwino popanda womuyang'ana.

Patatha mwezi ndi theka buluku linayambanso kukhwepa. Anadziuza kuti nsalu imatanuka ukamaichapa pafupipafupi. Ulusi wakuda unali utatha, ndiye anasoka ndi wabuluu, inchi inanso. Nthawi imeneyo n'kuti bambo atayamba kudandaula msana. Sizinadabwitse munthu. Wonyamula simenti akamva msana, ndani angafunse chifukwa? Amayi ankawathowa ndi kansalu koviika m'madzi otentha, ankawapaka mankhwala onunkha omwe ankadzaza nyumba yonse, ndipo mapiritsi a pagolosale sankasowa m'thumba la malaya.

Ulendo wachitatu Singano anadziwa kuti si nsalu. Anayala buluku patebulo n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Matumba awiri akumbuyo anali atayandikana ngati anthu onong'onezana. Ulusi unakana kulowa pasingano kanayi konse. Anasoka ndi ulusi wotuwa, womwe unatsala yekha m'kabokosi. Kunena zoona, sankasokeranso bambo ake. Ankasoka kuti m'mawa asadzaonenso zigongono zija pageti.

Sabata yomweyo, akudya madzulo, amayi anasiya kudya n'kuwayang'anitsitsa amuna awo.

"Abambo, inu mwawonda."

Bambo anaseka, n'kuimirira pang'onopang'ono atagwira tebulo. Analowetsa chala chachikulu m'chiuno mwa buluku n'kulikoka. Linali gwa, ngati lowasokera dzulo.

"Taonani nokha. Maso amanama, mayi, makamaka maso a munthu wotopa. Buluku silinama."

Amayi anayang'ana chiunocho, n'kuyang'ananso nkhope, n'kupukusa mutu. Anati mwina ndi ndevu zomwe sanamete. Singano anayang'ana m'mbale mwake. Ankaopa kuwachititsa manyazi bambo ake ataimirira chonchija, akuseka. Komanso ankaopa china chomwe sakanatha kuchifotokoza, ngati kuti akachitchula ndiye kuti wachiitana. Anaganiza kuti anena mawa. Mawa lakelo anachapa, n'kusesa, tsiku n'kutha.

Msana utafika poti thumba limodzi ankalinyamula ndi mnzawo, abwana awo anawapatsa tsiku loti akaonane ndi achipatala. Kumeneko anawapatsa mapiritsi ena ndi kapepala kowatumiza kwa dokotala wa mafizo, amene sabaya jakisoni koma amawongola misana ndi mawondo pophunzitsa anthu kayendetsedwe ka thupi. Amayi sanapatsidwe mpata kuntchito. Anauza Singano kuti awaperekeze.

"Ukamvetsere bwino ndiwe. Awawa akabwera adzangotiuza kuti dokotala anali wamfupi."

Dokotalayo analidi wamfupi. Anali mayi wovala nsapato zothamangira, cholembera atachibaya m'tsitsi. Chipinda chake chinali chachitali, chamazenera ambiri. Munali njinga yosayenda, mpira waukulu wofiira, ndi zitsulo ziwiri zogwirira pophunzira kuyenda. Pakona mayi wina wachikulire ankakoka chingwe chodutsa pakagudumu, dzanja lina likukweza linzake, uku akuwerenga chapansipansi. Patebulo la dokotala panali msana wapulasitiki womwe fupa lake limodzi analimangirira ndi labala.

Dokotala anawapatsa bambo kabudula wachipatala n'kuwalozera kuseri kwa katani. Posakhalitsa dzanja linatuluka m'kataniyo litagwira buluku.

"Singano, tasunga chuma cha banja."

Analilandira, n'kulipinda, n'kuliika pamiyendo. Anakhala pampando wapulasitiki pafupi ndi khomo.

Dokotala sanathamangire kugwira msana. Anakhala pansi n'kufotokoza kuti ali ndi mafunso omwe amafunsa aliyense wobwera ndi msana, kaya ndi mnyamata kaya ndi nkhalamba. Anati misana yambiri yomwe imalowa pakhomo lija ndi ya kutopa, ya kunyamula molakwika, ya kukhalitsa pampando, ndipo imachira munthu akamayenda ndi kuchita mafizo. Koma mwa apo ndi apo, msana umangokhala khomo lomwe matenda ena akugogodapo. Oterowo safuna mafizo, amafuna kupimidwa mwamsanga. Ndiye mafunso ena amveka ngati osakhudzana ndi msana, ena ochititsa manyazi, koma ayankhe mmene zilili.

Bambo anati afunse, iwo mayeso sanalepherepo chifukwa sanalembepo.

Anafunsa ngati anagwapo kapena kugundidwa. Ayi. Ngati miyendo imachita dzanzi kapena kufooka, ngati amapunthwa poyenda. Ayi. Ngati mkodzo ndi chimbudzi zikuyenda monga kale, ngati pali dzanzi pokhalira. Bambo anayang'ana kudenga n'kunena kuti mbali imeneyo boma likuyenda bwino. Mayi wa chingwe uja anaseka mpaka kuiwala pomwe anafika powerenga. Anafunsa ngati anadwalapo matenda aakulu m'mbuyomu, khansa kapena chifuwa chachikulu. Anati chipatala anachiona komaliza tsiku lomwe anabadwa mwana wakhala apoyo.

"Nanga usiku? Ululu umakudzutsani?"

"Ine ndimagona ngati thumba la simenti, adokotala. Nthawi zina ndimangodzuka kuwongola miyendo, basi."

Singano ankadziwa kuwongola miyendo kumeneko. Mbandakucha uliwonse ankamva mapazi akuyenda kuchoka kuchipinda kufika kukhomo lakumbuyo, n'kubwerera, n'kupitanso. Koma sanafunsidwe iye. Za kutentha thupi ndi thukuta la usiku, bambo anati nyumba yamalata yopanda siling'i aliyense amatuluka thukuta, ngakhale mphaka. Dokotala analemba kena kake, n'kuima pang'ono cholembera chili m'mwamba, n'kupitiriza.

Kenako anawaimiritsa. Anawaweramitsa kutsogolo, kumbuyo, kumbali. Anawayendetsa ndi zidendene, kenako ndi zala. Anawagoneka pabedi n'kukweza mwendo umodziumodzi, n'kumenya mawondo ndi kanyundo karabala. Atawagoneka chafufumimba, anayenda ndi zala pamsana, fupa ndi fupa, kutsika. Atafika chapakati, pamwamba pang'ono pa chiuno, bambo anakoka mpweya ndi mano.

"Apa?"

"Apo pali mwini wake."

Singano anali asanawaonepo bambo ake opanda malaya kwa miyezi. Nthiti zinkawerengeka. Koma dokotala sanawadziwe kale, ndipo anthu onyamula katundu ambiri amakhala owuma thupi chomwecho. Anawakweza pasikelo. Inaonetsa 61. Anafunsa kuti kale ankalemera bwanji. Bambo anati sakudziwa, sikelo yakuntchito kwawo ndi ya misomali. M'kabuku kawo kachipatala munalibe nambala ina iliyonse, kanali katsopano, masamba ake oyera.

"Sikelo payokha sindiuza kanthu ngati palibe poyerekeza," anatero dokotala. "Inuyo mukuona kwanu, mwatsika thupi miyezi yapitayi? Zovala zikukhwepa?"

Bambo anamwetulira, ngati munthu amene wafunsidwa funso lomwe analikonzekera.

"Funsani mwanayo, wanyamula umboni. Buluku limenelo ndinagula zaka zisanu zapitazo, mpaka lero lili gwa, popanda lamba. Buluku silinama, adokotala."

Dokotala anatembenuka n'kumuyang'ana Singano, mwaulemu chabe, monga mmene munthu amayang'anira mwana amene watchulidwa. Singano anayang'ana pansi. Pansipo panali matailosi otuwa, limodzi losweka pakona. Anamva dokotala akukoka mpando.

Dokotala anati chabwino. Malo opweteka aja sanamusangalatse kwenikweni, ndiye safuna kuwatsindika kapena kuwapotokola lero. Awapatsa mafizo opepuka, apume kunyamula zolemera, abwerenso pakatha masabata atatu aone ngati zasintha. Koma akaona dzanzi, kufooka kwa miyendo, kutentha thupi, kapena kutsika thupi, asadikire tsikulo. Anatenga pepala n'kuyamba kujambula timunthu tamitengo, kena katagona chagada mawondo ali m'mwamba, kena katagwada ngati mwana wokwawa.

Masabata atatu. Singano anawerenga mumtima. Pofika tsikulo buluku lidzakhala litakhwepanso, ndipo m'kabokosi munalibenso ulusi wina.

Bambo analowa kuseri kwa katani akuimba kamluzu. Dzanja linatulukanso.

"Singano, chuma chija."

Sanasunthe. Dzanja linagwedeza zala.

"Iwe, ukufuna ndikwere basi ndi kabudula wa eni ake?"

Singano anaimirira. Kuchoka pampando kufika pakatani panali mapazi anayi, kufika patebulo la dokotala asanu ndi limodzi. Anadutsa dzanja lija. Anaika buluku pamwamba pa timunthu tamitengo, n'kulitembenuza chiuno, n'kutambasula nsalu yopindidwa ija. Misoko itatu inaoneka, yondondozana ngati mizere ya m'kope: wakuda, wabuluu, wotuwa.

"Ndinabweza," anatero. Mawu anatuluka aang'ono, moti dokotala anaweramira kutsogolo. "Katatu. Iwo sakudziwa."

Dokotala anayang'anitsitsa misokoyo. Anabaya cholembera m'tsitsi, n'kutsegula dirowa, n'kutulutsa tepi yomwe amayezera mawondo otupa. Anayeza nsalu yopindidwayo, mbali iyi ndi iyo.

"Mainchesi atatu. Unayamba liti?"

Zimenezo Singano ankazidziwa bwino. Wakuda unali Lamlungu loyamba atamaliza mayeso. Wabuluu patatha masabata asanu ndi limodzi. Wotuwa masabata atatu apitawo. Zonse pamodzi miyezi inayi isanakwane. Ananenanso kuti mabuluku onse atatu ali chimodzimodzi, komanso kuti lomwe lili patebulolo layamba kale kukhwepa. Atayamba kulankhula, zinatuluka zokha, za mapazi a mbandakucha, za malaya ogonera omwe ankawapeza ali chinyontho m'dengu la zochapa, za chakudya chomwe chinkatsala m'mbale.

Kuseri kwa katani kamluzu kanali katasiya kalekale. Bambo anatuluka ali chivalire kabudula uja, malaya osamanga mabatani. Anafika patebulo n'kuyang'ana misokoyo. Anaigwira ndi chala, umodziumodzi, ngati akuwerenga malata. Kenako anayang'ana mwana wawo. Sanakalipe. Akanakalipa mwina zikanapepukako.

"Bambo, takhalani pansi," anatero dokotala. "Tiyambirenso. Mafunso omwe aja."

Ulendo uno panalibe nthabwala. Anavomera kuti ululu umawadzutsa tsiku lililonse kusanache, ndipo kaya agonere kumanja, kaya kumanzere, kaya akhale tsonga, umangokhala pomwepo ngati msomali. Anavomera kuti kupuma Lamlungu sikuthandiza. Thukuta linalipo ngakhale masiku ozizira. Chakudya chamasana ankagawira anzawo kuntchito, n'kumati akusunga chiuno. Ankayankha akuyang'ana msana wapulasitiki uja.

Dokotala anachotsa pepala la timunthu n'kuliika m'dirowa. Anatenga lina, lokhala ndi chidindo, n'kulemba nthawi yaitali. Anaimba foni, n'kulankhula ndi dokotala wina mwachidule, akutchula zaka zawo, miyezi inayi, usiku, thukuta, ndi fupa lomwe linapweteka. Atatha anawauza kuti mafizo aiwale kaye. Lero lomwe akayezetse magazi, akajambulitse msana ndi chifuwa, ndipo dokotala wa kuchipinda chachitatu akuwadikira. Simenti asaikhudze, ngakhale ndowa ya madzi.

"Ndi khansa?" anafunsa bambo.

"Sindikudziwa, ndipo sindikufuna kulota. Chilichonse mwa zimene mwanenazi pachokha sichikanandiopsa. Koma zikakumana pa munthu mmodzi, msana umenewo suyenera kupotokoledwa tisanaone mkati. Zoyambitsa zilipo zingapo, zina zimachizika bwinobwino. Chofunika n'kudziwa msanga."

Anapinda buluku n'kuwapatsa eni ake. Bambo atalowa kukavala, anatembenukira kwa Singano. Sanamuyamikire, sanamudzudzulenso. Anangonena chapansipansi kuti zikanakhala bwino akananena kale, koma wanena, ndipo zathandiza kuti nsalu sanaidule. Kenako anafunsa amene anamuphunzitsa kusoka mowongoka chonchija. Singano anayankha kuti aphunzitsi akusukulu, ndipo misozi inayamba pomwepo, pa funso losavutalo.

Pabenchi yodikirira kuyezetsa magazi panali anthu ambiri, koma bambo anasiyabe mpata wa munthu mmodzi pakati pawo. Anthu asanu analowa ndi kutuluka atapinda mkono. Singano ankapinda ndi kupindula kapepala ka nambala.

"Unandisiya ndiimirire pamaso pa amayi ako," anatero bambo potsiriza, osamuyang'ana. "Ndikukoka buluku ngati chitsiru."

"Pepani, ababa."

"Unali pomwepo."

"Ndinali pomwepo."

Namwino anaitana nambala ina. Bambo anapisa dzanja kumbuyo, mkati mwa chiuno, n'kupapasa pomwe panali nsalu yopindidwa.

"Thumba la simenti ndimalidziwa kulemera kwake kuposa dzina langa," anatero. "Linayamba kulemera kalekale. Ndinkadziwa kuti simenti sinasinthe. Koma m'mawa ndikavala, buluku linkandiuza kuti uli bwino, Jeke, pita kuntchito. Ndiye ndinkamvera buluku. Linkanena zomwe ndinkafuna."

Anatulutsa dzanja n'kuliyang'ana.

"Miyezi inayi ndikukhalira chinthu chimenechi, osamva n'komwe kukanda. Aphunzitsi akowo anakupatsa malikisi angati?"

Singano anati makumi asanu ndi atatu ndi mphambu zinayi. Bambo anati anamubera. Nambala yawo itaitanidwa, anamupatsa chipewa chawo kuti asunge.

Kunyumba anafotokoza ndi Singano, monga anatumidwira, ndipo anayambira pa ulusi wakuda. Amayi anamvetsera ali chiimire, chikwama chili paphewa. Anapita kuchipinda, n'kubwera ndi mabuluku awiri otsala, n'kuwatembenuza pansi pa getsi. Anati iwo anaona ndi maso awo, maso omwe akhala akuyang'ana munthuyu zaka makumi awiri, n'kukhulupirira nsalu. Masiku awiri sanamulankhule Singano kupatula za mchere ndi makala. Tsiku lachitatu anamuitana kuti adzawathandize kupinda nsalu za pabedi, ntchito yomwe ankaitha okha ngakhale atatsinzina.

Zotsatira zonse zinatenga masiku asanu ndi anayi, chifukwa atajambula koyamba anawatumizanso kumakina ena aakulu, n'kutenganso zina zokayeza. Chinali chifuwa chachikulu, TB, chitakhala m'mafupa awiri a msana. Bambo anatsutsa kuti iwo satsokomola, ndipo dokotala wa kuchipinda chachitatu anawafotokozera kuti matendawa sakhala m'mapapo mokha. Anati mafupawo anali atayamba kudyeka, koma mitsempha yopita kumiyendo inali isanapanikizike. Anawapatsa mankhwala akumwa tsiku lililonse kwa miyezi yambiri, ndi chomangira msana cholimba chomwe bambo anachitcha lamba wa anthu a m'maofesi. Amayi ndi Singano anawayezanso, n'kupezeka alibe.

Miyezi yoyamba inali yovuta. Mankhwala ankawachititsa nseru, ndipo munthu wozolowera kutuluka m'mawa ankangokhala pakhonde kuyang'ana njinga yake. Zotsatira za mayeso a Singano zinatuluka, anakhoza, koma chikondwerero chake chinali cha tsiku limodzi. Pambuyo pake bambo anabwerera kwa dokotala wamfupi uja, ndipo pepala la timunthu linatuluka m'dirowa, ena atafufutidwa, ena atawonjezedwa. Kusitolo anawaika pakauntala, kulozera anthu penti ndi maloko. Dzina la Jeke silinachoke.

Lamlungu lina masana, mwezi wachisanu wa mankhwala, Singano akusita pakhonde, bambo anatuluka atavala kabudula, buluku lili paphewa.

"Likundithina," anatero.

Singano anaimika simbi n'kutambasula dzanja, koma bambo sanalipereke.

"Uyambe wandiyeza. Ndipo unene mokweza, amayi ako amve ali kukhitchiniko."

Singano anatenga tepi m'kabokosi. Aka kanali koyamba kuwayeza eni ake, kale lonse ankangoyeza nsalu. Bambo anakweza manja, n'kuyang'ana kutsogolo ngati msilikali. Singano anawauza kuti asakoke mimba, asaitulutsenso. Anazunguliza tepi, n'kuyang'ana kawiri.

"Sate folo," anatero, chala chili pa 34.

"Sindinamve," anayankha amayi ali mkati, ngakhale zenera linali lotsegula.

"Sate folo, amayi!"

Anakhala pansi ndi lezala, n'kutembenuza chiuno cha buluku. Anadula mfundo ya ulusi wotuwa n'kuusolola pang'onopang'ono kuti nsalu isang'ambike. Unatuluka wonse, wopotanapotana. Wabuluu ndi wakuda anausiya. Bambo anaima pambali akuyang'ana, n'kufunsa kuti enawo achotsa liti. Singano anati tepi ikadzanena.